Chaka Chimene A Titiya Anayendetsa Diso Langa

Ndinatsikira ku Moatize pa nthawi imene malasha anali pakamwa pa aliyense. Kwathu kumapiri a ku Zobwe anyamata a msinkhu wanga anali atatha m'mudzi. Onse anali atakwera shapa, minibasi zathu zija, kupita kumunsi kotentha. Pobwera pa Natale, Khirisimasi ija, ankabwera atavala nsapato zokhala ndi chitsulo kuzala, n'kumaponda mwamphamvu polowa m'tchalitchi kuti aliyense atembenuke. Ine ndinali nditamaliza sukulu ya kumudzi ndipo ndinkathandiza mayi kulima mbatatesi ndi kabichi. Tsiku lina mayi analankhula ndi mlongo wawo pafoni, kenaka anandilongedzera zovala m'thumba n'kundiuza chinthu chimodzi chokha, kuti ndikamvere.

A malume anali owotcherera zitsulo pa kampani ina yaing'ono yokonza magalimoto a kumgodi. Sankalankhula kawirikawiri. Mawu onse a m'nyumbamo anali ndi akazi awo, amene tonse tinkawatchula kuti a titiya. Iwo anali Mnyungwe wa kufupi ndi Malabwe, wamfupi, wathupi, woseka mpaka kutsamira khoma. Ankagulitsa madzi ozizira ndi zitumbuwa pamsika. Anali atachitidwa opaleshoni ya pamimba kawiri. Koyamba kunali pobadwa mwana wawo womaliza. Kachiwiri kunali patapita zaka, matumbo atamatirirana pa bala lakale lija mpaka chakudya kukanika kudutsa. Kuchipatala anawauza dzina la vutolo m'Chipwitikizi, aderensiya, ndipo dzinalo analisunga ngati mendulo. Mayi aliyense wa m'bairo mwathu, m'dera limene tinkakhala, akadandaula za m'mimba, a titiya ankamulowetsa kuchipinda, kumuonetsa chipsera, n'kumuphunzitsa.

Pasanapite nthawi yaitali a malume anandipezera malo. Panali kampani ina yokhala ndi magalimoto a matanki, othira madzi m'misewu ya kumgodi kuti fumbi ligone. Ankafuna mnyamata wokhala pambali pa dalaivala, wodzaza thanki kumtsinje ndi kutsegula mpope. Shefe wa kumeneko, bwana wa kampaniyo, anavomera, koma anati ndiyenera kuyezedwa thupi kaye monga wina aliyense. Pa zoyezazo panali kuwerenga zilembo zapakhoma, diso lililonse palokha. Tsiku lake anati adzatiuza. Zimenezi sizinandidetse nkhawa, poti kusukulu ndinkakhala kumbuyo kwenikweni ndipo bolodi ndinkaliona bwinobwino.

Ndiye diso lamanzere linayamba. Silinatuluke manthongo ngati nthenda ya maso imene tinkapatsirana tili ana. Linangofiira mozungulira pakuda paja, n'kumapweteka m'kati, kupweteka kofika mpaka pachipumi. Dzuwa likandiwomba zinkakhala ngati wina wandibaya ndi singano. Anthu a m'bairo anali okoma mtima. Agogo ena oyandikana nafe anandisukusula ndi madzi amchere. Mayi wina woyamwitsa anandigoneka pamiyendo pake n'kundifinyira mkaka wa m'bere, ine maso ali kudenga, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Onsewo ndinawathokoza. Diso linapitirirabe.

A malume ndiwo anati basi, tipite kuchipatala chachikulu ku Tete. A titiya anatseka bizinesi yawo tsiku limenelo.

"Chipatala chija ndimachidziwa ngati khitchini yanga," anatero. "Uyu akapita yekha adzaima pamzere wa amayi oyembekezera mpaka madzulo, osafunsa munthu."

Sananame. Tinawoloka Revubwe, tinawoloka Zambezi, ndipo atangolowa pachipata anayamba kupereka moni kwa osesa ndi alonda ngati abale awo. Anandikokera kukhomo la anthu a maso.

Amene anationa anali a tekiniko a maso, bambo wamtali wa imvi pang'ono, wooneka wotopa, popeza mzere panja unali utakhota mpaka pakona. Anandikhazika pa makina ena oika chibwano pakathabwa, n'kundiwunika ndi kuwala kopyapyala ngati mpeni. Anayamba m'Chipwitikizi, koma ataona kuti ndikungogwedeza mutu pa chilichonse anasintha n'kulankhula chathu.

"Diso lako latupa m'kati," anatero. "Kansalu kabulauni kozungulira mwanadiso kayamba kumatirira pa kagalasi kamene kali kumbuyo kwake."

A titiya, amene anali ataima pakhomo, analowa ndi thupi lonse.

"Kumatirira? Aderensiya imeneyo, a dotolo. Ndine mwini wake."

"Ee, zikufananako, mayi," anayankha a tekiniko, maso ali pamzere wa panja. Anandipatsa timabotolo tiwiri ta mankhwala odonthezera. Anati kamodzi n'kochotsa kutupa, kenako n'kokulitsa mwanadiso. Anandiuza kuti ndizikhala pamthunzi, ndipeze magalasi akuda, ndisasiye mankhwala mpaka iwo atanena, ndiponso ndidzabwerenso. Ndinamva zonse. Koma a titiya anali atamva mawu amodzi okha aja, akuti zikufananako, ndipo anatuluka nawo atawanyamula ngati mwana wakhanda.

Mu shapa yobwerera anthu onse anadziwa za diso langa.

"Matenda amenewa mankhwala ake ndi kuyenda," anauza mayi wina amene anali ndi nkhuku pamiyendo. "Ine atanditumbula kachiwiri, kutangocha namwino anabwera. Akuti dzukani. Ndikuti mayi, ndasokedwa ngati thumba la chimanga, ndidzuka bwanji? Akuti mukagona zimatirirananso, mudzabwera kachitatu. Ndinayenda m'khonde lija nditagwira mimba, uku ndikutukwana mumtima. Lero ndi ine pano. Chamoyo chikakhala malo amodzi chimamata."

Anthu anavomereza. Ngakhale kondakitala anati agogo ake anamwalira chifukwa chogona kwambiri.

M'mawa mwake a titiya anandidontheza mankhwala okha ndi manja awo, bwinobwino, kenaka anatsegula chitseko.

"Famba," anatero m'Chinyungwe chawo. Ndiko kuti yenda.

"A titiya, paja anati ndizikhala pamthunzi."

"Nanenso ndinkafuna mthunzi, mwanawe. Anandidzutsa. Upite mpaka kunjanji, ukhote, udutse pamsika kuti ndikuone, ukafike pamene magalimoto a malasha amakhotera, ubwerere. Ukuyenda, diso uzilitembenuza. Kumwamba, pansi, uku ndi uku."

Ndinayang'ana a malume. Iwo anali kumanga zingwe za nsapato, ndipo anazimanga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Atamaliza analowa kuchipinda n'kutuluka ndi magalasi awo akale owotcherera, aja a mphira okhala ndi lamba wa kumutu. Anachotsa galasi la kumanja ndi nsonga ya mpeni, n'kusiya lakuda la kumanzere.

"Mthunzi ndi uwu," anatero pondiveka. "Uziyenda nawo. Onse awiri wawamvera."

Ndinaona kuti ndi nzeru yabwino zedi. Ndinanyamuka.

Amene anakhalako ku Moatize m'miyezi yoyandikira mvula akudziwa dzuwa lake. Nthaka imawotcha kudzera m'nsapato, ndipo fumbi lakuda limakhala pa chilichonse, pamasamba, pa zovala zoyanika, ngakhale pa mano a munthu woseka. M'dzuwa limenelo ndinkayenda m'mawa uliwonse, diso limodzi lili panja, linalo lili mumdima wobiriwira, ndikulitembenuza mokhulupirika kuseri kwa galasi kumene munthu sakanaona ngakhale ndikanaleka. Thukuta linkadzaza m'mphira mpaka ndinkaima kuseri kwa mpanda kulikhuthula.

Ana ndiwo anayamba kunditsata. Kenaka anyamata a njinga zamoto a pamphambano anandizolowera.

"Shefe, mwasochera? Mgodi uli uku."

"Musiyeni, akuwotcherera mphepo."

"Achimwene, diso linalo mwasiya pinyolo kwa ndani?"

Ndinkawapatsa moni mwaulemu n'kupitirira. Ndikamadutsa pamsika a titiya ankaimirira kuseri kwa bokosi lawo la madzi n'kuuza anzawo kuti, "Ameneyo ndi wodwala wanga. Taonani mmene akupondera." Ankandipatsa chitumbuwa chimodzi n'kundikankha kuti ndisaime nthawi yaitali.

Tsiku lina mayi wina anandiimitsa pafupi ndi njanji, atanyamula mbaula yothyoka mwendo. Ataona magalasi aja anaganiza kuti ndine mmisiri. Anandifotokozera bwinobwino pamene inathyokera, anandiuza kuti ana ake sanamwe tiyi, n'kundipatsa m'manja. Ndinayesa kutsegula pakamwa koma iye anali atayamba kale kuthokoza. Ndinapita nayo kunyumba. A malume anaiyang'ana, anandiyang'ana, n'kupita nayo kuntchito. Mbiri inamveka. Sabata yotsatira ndinabwera ndi khasu, chigwiriro cha wilibala, ndi mpando wa njinga.

"Mphwanga," anatero a malume, "iwe ndiye ukudwala, koma amene akuchira ndi a m'bairo muno."

A titiya anaseka mpaka kukhala pansi.

Ululu unachepadi, ndipo a titiya anati ndi kuyenda kuja. Koma panali china chimene sindinawauze msanga. Ndikatseka diso lamanja, lamanzere linkaona ngati ndikuyang'ana kudzera m'pepala lapulasitiki lonyowa. Kutsidya kwa msewu kunali sitolo yokhala ndi zilembo zikuluzikulu zofiira pakhoma. Ndinkaima pamenepo, kukweza galasi pang'ono, n'kuyesa kuwerenga. Zilembo zinkasungunuka, misozi n'kuyamba.

Nthawi yomweyo uthenga unafika kuchokera kwa shefe uja, wakuti kuyeza thupi kuli sabata yamawa.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, a titiya ananditengera pakhonde n'kundikanula chikope ndi chala. Anayang'ana nthawi yaitali. Kuseka kunawathera.

"Mwanadiso wakula ngati wa mbuzi yophedwa," anatero. "Ndipo si wozungulira. Ukuona nalo?"

Ndinawauza zoona.

"Ndi kabotolo aka. Diso linali kuchira ndi kuyenda, iko kakulibweza m'mbuyo. Ukapita chonchi kokayezedwa, malo aja apatsa wina. Amayi ako ndidzawauza chiyani? Kuti ndinalandira mwana wamaso awiri n'kumubweza wopanda ntchito?"

Anatenga timabotolo tonse tiwiri n'kutimangirira pakona ya chitenje chawo, pamene ankasunga makiyi.

Ndinakhala pakhondepo mutu uli pansi. Ntchitoyo ndinkaifuna kwambiri. Ndinkaganiza za nsapato zija, za mayi, za a malume amene anachita kupempha malowo ndi pakamwa pawo posazolowera kupempha. Komanso mawu a a tekiniko ndinali nawo m'mutu monga anawanenera, akuti usasiye mpaka ine nditanena. Chiyambire ndinali ndisanakanirepo munthu wamkulu, ndipo tsopano akuluakulu awiri anali atandiuza zosiyana zimene magalasi a a malume sakanatha kuzigwirizanitsa.

Sindinathe kunena kuti ayi. Chimene ndinakwanitsa chinali chaching'ono.

"A titiya, bwanji tikafunse limodzi? Mwina inu mukawafotokozera za kuyenda kuja amva bwino."

Anandiyang'ana modabwa, ngati mpando walankhula.

"Chabwino," anatero. "Bambo uja anali wotanganidwa tsiku lija. Pali zambiri zimene sindinamuuze."

Tsiku lotsatira tinafika kuchipatala masana, mzere utachepa. A tekiniko ataona magalasi anga anavula awo, napukuta m'maso, n'kuwavalanso.

"Ndinati magalasi akuda. Iwe wabwera ndi fakitale yonse."

A titiya sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza za njanji, za msika, za kutembenuza diso, za namwino amene anawadzutsa, ndipo anatsala pang'ono kumasula chitenje kuti aonetse chipsera. Anamaliza ndi mlandu wa kabotolo. A tekiniko anamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachibwano. Kenaka anawakokera mpando.

"Mayi, namwino wanu uja ananena zoona. Matumbo ali ngati zingwe m'dengu. Munthu akayenda, nawonso amasuntha, ndipo sapeza mpata womatirirana. Dzina lanu lija, aderensiya, ndi la thupi lonse. Nyama ikamatirira pa inzake pamene siyenera kutero, kaya m'mimba, kaya m'chifuwa, kaya paphewa, timatchula choncho. Lili ngati mfunda, anthu ambirimbiri amayankhira. Koma mwana aliyense pa mfundapo ali ndi dzina lakelake ndi khalidwe lake. Ya mnyamatayu ife a maso timaitcha sinekiya. Dzinali mungalimvenso kwa madotolo a amayi, koma kuno kwathu likatchulidwa timadziwa kuti ndi kansalu ka m'diso kamene kagwira pomwe sikayenera. Chikope chikamatirira pa diso, monga zimachitikira anthu opsa ndi laimu, chimenecho chili ndi dzina linanso. Mfunda umodzi, mankhwala osiyana."

"Ndiye langa lija ndi dzina la aliyense?" anafunsa a titiya, mawu atatsika.

"Ndi dzina la makolo, mayi. Lalikulu."

Zimenezo zinawakhazika mtima pansi pang'ono. A tekiniko anazimitsa nyali ya m'chipindamo, anayatsa tochi yaing'ono, n'kuwaitana kuti aone okha.

"Onani. Mwanadiso ndi bowo chabe pakati pa kansalu. Mankhwala aja akukokera kansaluko m'mbali kuti kachoke pagalasi. Uku kwamasuka, uku kwamasuka. Koma apa, pansi apa, mukuona kansonga? Pamenepo pagwirabe. Ndi chifukwa chake sali wozungulira. Mnyamatayu angayende wapansi mpaka ku Zobwe, kansalu aka sikasuntha. Miyendo ya kansaluka ndi kabotolo kamene mwamanga pachitenjepo."

A titiya anagwira pamfundo paja.

"Nanga tikangopumira sabata imodzi yokha, ayezedwe, kenaka n'kuyambiranso?"

"Kutupa kukadalipo. Mukasiya lero kubwerera mwamphamvu, ndipo kansalu kakhoza kumatirira kuzungulira konse. M'diso muli madzi amene amadutsa pabowo limenelo. Njira ikatsekeka diso limauma gwa ngati mwala, kenaka limazima. Likazima ine ndilibe kabotolo kolidzutsa. Komanso ngakhale mutasiya lero, mwanadiso sabwerera msanga. Sabata yamawa mnyamatayu sawerenga."

A tekiniko anatembenukira kwa ine.

"Ntchito ndi yako, diso ndi lako. Ukuti bwanji?"

Aka kanali koyamba kuti munthu andifunse chotere pa nkhani yonseyi. Ndinayang'ana a titiya kuti mwina andiyankhira monga mwa masiku onse, koma iwo anali kulimbana ndi mfundo ya chitenje. Ndinati ndipitiriza mankhwala.

Mfundo inamasuka. A titiya anandilozera benchi.

"Gona apa. Kuyambira dzulo sunadontheze. Ukufuna diso liume?"

Anandidontheza pomwepo, a tekiniko akuonerera, ndipo potuluka anawauza kuti tsiku lija akanafotokoza bwino chonchi mwana sakanapsa ndi dzuwa. A tekiniko anavomera kuti mzere unali wautali. Pachipata a titiya anandigulira magalasi akuda enieni kwa mnyamata wogulitsa pathabwa. Mu shapa anthu anaphunzira za sinekiya kuyambira pamlatho mpaka ku Moatize.

Chotsala chinali kukauza shefe. Ndinkayembekeza kuti a malume apita okha, koma iwo anati anapempha kamodzi, kachiwiri pakamwa pakhale panga. Njira yonse ndinkabwereza mawu a Chipwitikizi cha kusukulu, kuwaika m'malo mwake ngati poyankha mayeso. Nditafika pabwalo la magalimoto ndinapeza shefeyo akukalipira dalaivala za tayala. Ndinaima pambali mpaka anandiona. Mawu onse aja anabalalika. Ndinangovula magalasi n'kumuonetsa diso.

Anawerama, anayang'ana, n'kuimba kamluzu.

"Fumbi silidikira munthu, mnyamata. Malo ndipereka kwa wina." Anakanda m'mutu. "Koma mvula ili pafupi. Ikayamba, magalimoto awa amaima, poti Mulungu amathira yekha. Ikatha ndimalembanso anthu. Udzabwere ndi maso awiri. Sindikulonjeza."

Ndinathokoza kambirimbiri mpaka anandiuza kuti ndizipita.

A malume anaona kuti ndi bwino ndikachirire kwathu, kopanda fumbi. Ndinakwera shapa ya ku Zobwe ndi thumba lomwe lija. Pamene msewu unayamba kukwera mapiri ndipo mphepo yozizira inalowa pazenera, diso linamva bwino ngati lamwa madzi. Koma mtima unali wolemera, poti ndinkabwerera ndi nsapato zomwe ndinapita nazo. Mayi anandilandira pabwalo, anandichotsa magalasi, anayang'ana, n'kunena kuti ndaonda ndiponso ndada. Za ntchito sanafunse mpaka nditadya. Nditawafotokozera zonse, anaseka pa nkhani ya mbaula mpaka kupukuta misozi, kenaka anati mbatatesi zikufuna kupalira, ndipo kupalira sikufuna kuwerenga zilembo.

Dzinja limenelo linali labwino. M'mawa nkhungu inkaphimba phiri, dzuwa n'kutuluka mochedwa, lofatsa. Ndinkalima nditavala magalasi akuda, ndipo anthu opita kumsika wa pamalire ankandifunsa ngati ndine woimba. Foni ya mayi inkalira m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. Anali a titiya, ndipo moni ankapereka pambuyo.

"Wadontheza?"

"Ndadontheza, a titiya."

"Tonse tiwiri? Usandinamize, ndimva m'mawu. Ndipo usamayendeyende padzuwa. Matenda ako si a m'mimba."

Nthawi ndi nthawi ndinkatsika kukaonedwa ku Tete. A tekiniko anayamba kuchepetsa mankhwala pang'onopang'ono, osati kamodzi n'kamodzi. Kabotolo kokulitsa mwanadiso anayamba kundisiyitsa, kenaka kochotsa kutupa kaja. Mwanadiso anabwerera mwakachetechete, ndipo m'mawa wina ndili kumunda ndinatseka diso lamanja n'kuona mbalame pamtengo wa tsidya lina la dimba, mpaka mchira wake. Kansonga ka pansi kaja kokha sikanamasuke. A tekiniko anati kameneko ndikhala nako moyo wonse, koma njira ya madzi ndi yotseguka, ndipo diso likadzafiiranso ndisadzayambire kwa oyandikana nawo nyumba. Mpaka lero ndikayang'ana pagalasi mwanadiso wamanzere amaoneka ngati dontho la madzi lofuna kugwa.

Mvula itatha ndinatsikanso. Fumbi linali litayamba kale kudzuka m'misewu, ndipo pabwalo la magalimoto panali anyamata ambiri kuposa chaka chatha, ena ochokera kutali kwambiri. Shefe anadutsa pamzere akuyang'ana nkhope. Atafika pa ine anaima.

"Wa diso uja. Wabwera nawo angati?"

"Awiri, shefe."

"Tikaona."

Kokayezedwa anatiyeza magazi, chifuwa ndi makutu, kenaka anatilowetsa mmodzimmodzi m'chipinda cha zilembo. Namwino anali mayi wachangu wosayang'ana munthu kumaso. Ananditseka diso lamanzere, ndipo ndinawerenga mpaka pansi. Ananditseka lamanja. Mzere woyamba unali woonekeratu, wachiwiri chimodzimodzi. Ndinatsika nawo mosamala, chilembo chimodzichimodzi, osathamanga. Pafupi ndi pansi chilembo china chinandivuta, ndinaphethira, chinakhazikika, ndinachitchula. Namwino anati basi, zakwana. Kenaka anandiwunika ndi tochi n'kuima.

"Ichi n'chiyani? Unabayidwa?"

"Ayi, mayi. Ndi sinekiya yakale. Inasiyidwa ndi kutupa. Madzi amadutsa."

Apa ndi pamene anandiyang'ana kumaso.

"Wauzidwa ndi ndani zimenezo?"

"A tekiniko a ku Tete. Ndi a titiya anga."

Anandiuza kuti ndiitane wotsatira.

Lolemba lake ndinakwera galimoto ya thanki kwa nthawi yoyamba. Dalaivala anali bambo wachikulire wa ku Nkondezi, wokonda wailesi. Tinadzaza madzi, tinalowa msewu wa kumgodi, ndipo ndinatsegula mpope monga anandionetsera. Kumbuyo kwathu msewu unasanduka wakuda bii, fumbi n'kugona. Kutsogolo kunkabwera zimagalimoto za malasha zazitali kuposa nyumba.

"Mbali yako ndi iyo," anatero dalaivala, akuloza zenera la kumanzere ndi chibwano. "Ine kumeneko sindiona bwino. Chikamabwera chilichonse, undiuze msanga, ndipo ukweze mawu. Wamva?"

Ndinati ndamva. Patangopita kanthawi galimoto yaing'ono yoyera inatulukira m'kanjira ka kumanzere, ili pa liwiro, ndipo ndinamuuza mokweza mpaka iye anatsitsa wailesi.